Mtsuko waukulu wa zidutswa za matabwa: kadulidwe, kamatidwe ndi zopaka pomaliza

Chipika chimodzi chokwanira kusemapo mtsuko wotalika theka la mita n'chovuta kuchipeza, ndipo chikapezeka chimakhala cholemera, chonyowa m'kati, chofuna zaka kuti chiume, komanso chokonda kung'aluka chikamauma. N'chifukwa chake amisiri ambiri a lathe, makina ozungulitsa thabwa posema, amayamba mtsuko woterewu ndi matabwa ang'onoang'ono ouma kale. Amacheka zidutswa zopendekeka kumapeto, n'kuzimata kuti zipange mkombero, kenako n'kusanjikiza mikomberoyo umodzi pamwamba pa unzake mpaka thupi la mtsuko litaima. Lathe imangobwera kudzachotsa ngodya ndi kusalaza. M'kati mumakhala mwamphako kale, choncho matabwa otayika ngati utuchi ndi ochepa, ndipo mitundu ya mitengo itha kusakanizidwa kuti ipange maluwa amene mtengo umodzi sungatulutse.

Mtsuko wa mamilimita 500 m'litali, womangidwa ndi mikombero yokhuthala mamilimita 20, umafuna mikombero 25. Mkombero uliwonse ukakhala ndi zidutswa 24, zonse pamodzi zikwana 600, ndipo majoini ake ndi oposa pamenepo. Chidutswa chilichonse ndi thabwa palokha, lofufuma ndi kufota ndi nyengo. Kachekedwe, guluu, tsinde ndi chopaka cha pomaliza zimasankhidwa poganizira zimenezi, apo ayi mtsuko wokongola lero udzaonetsa mng'alu chaka chisanathe.

Thabwa ndi chinyezi

Thabwa, kaya liume bwanji, limamwa chinyezi cha mumpweya kukanyowa n'kuchitaya kukauma. Likamwa limafufuma, likataya limafota, koma osati mofanana mbali zonse. M'litali, motsata mitsempha yake, kusinthako n'kochepa zedi moti sikuwerengedwa. Nkhani ili chopingasa mitsempha, ndipo kumenekonso kuli pawiri. Thabwa lomwe mizere ya zaka za mtengo imagona chafulati mukaliyang'ana kumapeto limasuntha pafupifupi kawiri kuposa lomwe mizere yake imaima chilili. Thabwa la maple wolimba la mtundu woyambawo, la mamilimita 150 m'lifupi, limasintha ndi mamilimita 2 chinyezi chake chikachoka pa 7 kufika pa 11 peresenti. Pa tebulo mamilimita 2 sakuoneka n'komwe. Pa tsinde la mtsuko lozingidwa ndi mkombero wosasuntha, mamilimita 2 amang'amba joini.

Mumkombero womatidwa bwino mitsempha ya chidutswa chilichonse imagona, kutsata njira yozungulira mtsuko. Ndiye kuti dayamita ya mkombero siisintha kwenikweni. Chimene chimasintha pang'ono ndi kukhuthala kwake, ndipo mikombero yonse imasinthira limodzi popanda kukokana. Bata limeneli limatha mukaikamo chidutswa cha mitsempha yoimirira. Timizere topyapyala toimirira pakati pa zidutswa timapirira ngati mkombero uli wosakhuthala kuposa mamilimita 20, koma chidutswa chachikulu choimirira chimalimbana ndi anzake mpaka guluu atagonja. Kumene kungatheke, chekani ngakhale timizere timeneti kuti mitsempha yake igone ngati ya anzake.

Yezani chinyezi ndi chida choyezera chinyezi cha matabwa musanacheke kalikonse. Mtsuko wokakhala m'nyumba zouma kwambiri, zotenthetsedwa m'nyengo yozizira, umafuna matabwa a 6 mpaka 8 peresenti; kumalo a chinyezi 10 mpaka 12 ndi bwino. Chofunika kuposa nambala yeniyeniyo n'chakuti mitengo yonse ya mumtsuko umodzi isasiyane kuposa 1 peresenti. Isanjikeni m'shopu masabata awiri, ndi timitengo pakati kuti mpweya uzidutsa.

Kulimba kwa mitengo nakonso kuyandikane. Phingo likagundana ndi paini, sandipepa imadya paini msanga n'kusiya phingo litatumphuka, ndipo dzanja limamva mafunde ngakhale diso lisawaone. Mbawa, mlombwa, walnut, cherry ndi maple zimayenderana bwino. Mlombwa uli ndi mbiri yosasuntha kwambiri ndi nyengo, n'chifukwa chake ndi wabwino kupangira tsinde.

Masamu ake, ndi chifukwa chake digiri imodzi ndi yaikulu

Jambulani theka la mtsuko papepala la timabokosi pa kukula kwake kwenikweni, khoma lake lomwe. Dulani chithunzicho ndi mizere yogona motsata kukhuthala kwa mikombero. Pa mkombero uliwonse werengani pamene khoma lafika patali kwambiri kunja ndi pamene lalowa kwambiri m'kati, n'kuwonjezera mamilimita 3 mpaka 5 mbali zonse ziwiri. Owonjezerawo ndi amene amakupulumutsani mkombero ukamatidwa chokhota pang'ono.

Kupendekeka kwa mbali iliyonse ya chidutswa ndi 180 kugawa ndi chiwerengero cha zidutswa. Zidutswa 12 zimafuna madigiri 15, zidutswa 16 madigiri 11.25, zidutswa 24 madigiri 7.5. Kutalika kwa mbali yakunja ya chidutswa ndi dayamita yakunja kuchulukitsa ndi tan wa ngodya imeneyo, nambala yopezeka pa kakyuleta: 0.268 pa zidutswa 12, 0.199 pa 16, 0.132 pa 24. Tiyerekeze mkombero wa zidutswa 16, wa mamilimita 400 kunja ndi 350 m'kati. Mbali yakunja ikhala 400 kuchulukitsa 0.199, kutanthauza mamilimita 80. M'lifupi mwa thabwa lochekamo zidutswazo mumapezeka pochotsa theka la dayamita ya m'kati, litachulukitsidwa ndi cos wa ngodya (nambala yopezekanso pa kakyuleta), pa theka la dayamita yakunja: 200 kuchotsa 171.6, ndiye kuti mamilimita 29 akwanira. Thabwalo likhale lotalika mita 1.4 kuti chidutswa chomaliza chisachekedwe zala zili pafupi ndi sowo.

Mtsuko waukulu umafuna zidutswa zambiri. Pa dayamita ya 500, zidutswa 12 zimasiya ngodya zotuluka pafupifupi mamilimita 9, zomwe zimamenya chizulo mwamphamvu. Zidutswa 24 zimangosiya mamilimita 2.

Tsono taonani kumene ambiri amagwera. Mkombero wa zidutswa 16 uli ndi malo ochekedwa 32. Chocheka chikaphonya ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a digiri, zomwe diso silingaone, kuphonyako kumaunjikana kukhala madigiri 3.2 mkombero ukamatsekedwa. Pa mkombero wathu uja umenewo ndi mpata wa milimita imodzi ndi theka. Guluu wa matabwa sadzaza mpata wotere, ndipo kumanga chopanira mwamphamvu kuti utsekeke kumangosunga mphamvu yomwe idzang'ambe joini m'tsogolo. Nambala zolembedwa pa makina ochekera si zodalirika pa ntchito iyi. Amisiri ambiri amagwiritsa ntchito thabwa loyenda pa tebulo la sowo, lotchedwa wedgie sled, lokhala ndi zotchingira ziwiri zoikidwa motsamira kachipangizo kodulidwa pa ngodya yeniyeni. Mumacheka pa chotchingira china, kenako pa chinzake, mosinthanasinthana. Ubwino wake n'ngwakuti chofunika ndi ngodya ya pakati pa zotchingirazo. Zikapendekera limodzi mbali ina, chidutswa chimatuluka chopotoka pang'ono koma mkombero umatsekabe. Lembani mzere wa pensulo pamwamba pa thabwa musanacheke, ndipo posanja zidutswa mizereyo iyang'ane kumwamba yonse. Sowo ikhale yakuthwa, ya mano 60 mpaka 80. Mkombero woyamba uchekedwe m'matabwa otayika, umangidwe popanda guluu, uyang'anidwe pa kuwala. Kuwala kukadutsa pa joini ina iliyonse, musacheke thabwa labwino.

Kumata

Guluu wamba wa matabwa wa PVA, monga Titebond, ndi amene ambiri amagwiritsa ntchito. Mapeto a chidutswa amamwa guluu kwambiri, choncho pakani mbali zonse ziwiri, apo ayi joini imatsala ndi ludzu. Nthawi ndi yochepa: Titebond Original amayamba kugwira pakatha mphindi zisanu, pamene Titebond III amapereka pafupifupi mphindi khumi, zomwe zimathandiza pa mkombero wa zidutswa 24. Mangani ndi lamba wachitsulo wa sikuluwu, uja womangira mapaipi, mutalumikiza angapo kuti akwane. Musanamange kotheratu, gogodani zidutswa ndi nyundo yamtengo kuti zonse zikhale pansi mofanana.

Ngati ngodya zikukayikitsa, matani matheka awiri. Pakani guluu pa majoini onse kupatula awiri oyang'anizana, ndipo pa awiriwo ikani timitengo tozungulira kuti lamba afinye theka lililonse palokha. Guluu akauma, kwechani mapeto a theka lililonse pa disiki ya sandipepa mpaka agone pa mzere umodzi, n'kulumikiza. Mkombero umatuluka wosazungulira bwinobwino, koma majoini amakhala otseka, ndipo mamilimita owonjezera aja amabisa chilemacho. Mitengo ya mafuta, monga teak, cocobolo ndi phingo, ipukutidwe ndi mankhwala a acetone mphindi zochepa musanapake guluu, kapena imatidwe ndi guluu wa epoxy.

Joini ya mapeto ndi mapeto ndi yofooka, ndipo mkombero pawokha utha kuthyoka m'manja. Mphamvu ya mtsuko imachokera pa kusanjikiza. Monga mmene womanga nyumba amapingasira njerwa, joini ya mkombero wapamwamba igwere pakati pa chidutswa cha mkombero wapansi. Pamenepo guluu amagwira mbali ndi mbali ya thabwa, pomwe amalimba kwenikweni. Koma kuti agwire, nkhope ziwirizo zikhale zafulati ndithu. Nkhope imodzi ya mkombero watsopano imasalazidwa pa sandipepa ya nambala 80 yomatidwa pa thabwa lafulati. Inayo imasalazidwa pa lathe mkombero utamatidwa kale, poyamba ndi chizulo, kenako ndi thabwa la sandipepa lalitali kudutsa dayamita yonse. Lembani mizere ya pensulo pa nkhopeyo n'kukwecha mpaka yonse itafufutika. Kenako goneketsani rula yachitsulo, nyali ili kuseri. Mkombero uikidwe pakati penipeni ndi disiki ya mizere yozungulira yokankhidwa ndi tailstock, mbali ya lathe yokankha ntchito kuchokera kumapeto enawo, chifukwa kuphonya kwa milimita imodzi pa mkombero uliwonse kumaunjikana, ndipo pofika pakhosi majoini amakhala atasiya kuyang'anizana.

Tsinde

Apa ndi pamene mitsuko yambiri imafera. Disiki ya thabwa limodzi imafufuma mbali imodzi, mkombero womatidwa pamwamba pake susuntha. Tsinde likakhala laling'ono, osapitirira mamilimita 80 kapena 100, lochekedwa m'thabwa la mizere yoima, nthawi zambiri limapirira. Likakula kuposa apo, lipangeni loyandama: disiki yokhuthala mamilimita 6 imalowa mumsewu wosemedwa mumkombero wapansi, ndi mpata wa milimita imodzi ndi theka kuzungulira, n'kutsekeredwa ndi kamkombero kena. Guluu amadonthezedwa malo awiri okha, kumapeto kwa mitsempha ya disikiyo, kuti m'mbali muzisuntha momasuka. Pakani disikiyo chopaka chake isanalowe, kuti ikadzafota isaonetse mzere wosapakidwa. Tsinde la zidutswa zosongoka zokumana pakati limakongola, koma nsonga zake zimatseguka nyengo ikasintha. Ofunabe maonekedwe amenewo aboole pakati n'kutsekapo ndi kathabwa kozungulira kakang'ono.

Kumanga ndi kusema chachikulu

Dzanja ndi chizulo sizifika pansi pa mtsuko wa theka la mita wokhala ndi khosi laling'ono. Njira yake ndi kusema m'kati pomanga pomwe: matani mikombero iwiri kapena itatu, dikirani, semani m'kati ndi kukwecha, kenako onjezerani ina. Kunja muzingochotsa ngodya, kusiya mnofu wokwanira, chifukwa mzere wa thupi lonse umaoneka bwino mikombero ikachuluka, komanso khoma lapansi likapyapyala msanga limanjenjemera polemedwa ndi zapamwamba. Mitsuko ikuluikulu imamangidwa matheka awiri, lapansi kuyambira kutsinde, lapamwamba kuyambira kukamwa, lililonse pa faceplate yakeyake, chitsulo chafulati chogwirizira ntchito pa lathe. Amakumana pamimba, pamene dayamita yakula kwambiri. Matheka onse apakidwe m'kati asanalumikizidwe, kupatula mamilimita angapo pafupi ndi joini. Polumikiza, dayamita ya m'kati ifanane mbali zonse ziwiri, ndipo tepi yomatidwa m'kati m'mphepete mwa joini imagwira guluu wotuluka. Khoma la mamilimita 8 mpaka 10 ndi loyenera mtsuko waukulu. Kupyapyalitsa kufika 4 kumaonetsa luso, koma kumachepetsa malo ogwira guluu, ndipo phindu lake palibe amene amaliona.

Chipika chogwirizira mtsuko pa faceplate chikhale cha mtengo wolimba, mitsempha yogona, chomangidwa ndi masikuluwu olimba achitsulo. Masikuluwu akuda aja omangira mabodi a siling'i amathyoka mwadzidzidzi, ndipo MDF, bodi ya utuchi wopanikizidwa, imasweka m'magawo. Mtsuko ukatalika kuposa mamilimita 300 kapena 400, ikani steady rest, chimango cha mateyala atatu chogwira thupi, ndi tepi pamene mateyala akudutsa kuti asasiye mzere.

Liwiro lili ndi lamulo losavuta: dayamita m'mamilimita kuchulukitsa ndi maulendo ozungulira pa mphindi kukhale pakati pa 150,000 ndi 230,000. Mtsuko wa 500 uzungulire ka 300 mpaka 460 pa mphindi, ndipo poyamba, ngodya zikadalipo, muyambire pansi pa pamenepo. Valani chotchinga nkhope yonse, ndipo poyatsa makina musaime moyang'anizana ndi mbali ya mtsuko. Phokoso likasintha, zimitsani n'kuyang'ana majoini. Chizulo chake ndi bowl gouge, chizulo cha msewu wozama chosemera mbale, yodula pang'onopang'ono. Spindle roughing gouge, chizulo chachikulu chochotsera ngodya pa ndodo, siyenera pano chifukwa chitsulo chake cholowa mumpini n'chochepa mphamvu. Negative rake scraper, chopalira chopendekeka pamwamba ndi pansi pa nsonga, yongonoledwa kumene imachotsa timizere totsala popanda kukumba.

Guluu asiyidwe maola 24 musanamuike pa ntchito yolemera. Kukwecha komaliza kudikire kuposa apo, masiku angapo. Madzi a m'guluu amafufumitsa thabwa pafupi ndi joini; mukakwecha lisanaume, malowo amadzafota n'kusiya kamsewu kozama pa joini iliyonse, komwe kamaonekera kwambiri vanishi wonyezimira akapakidwa. Kwechani ndi sandipepa ya nambala 120, 180, 240 ndi 320 osalumpha, lathe ikuyenda pang'ono kuti kutentha kusafewetse guluu.

Mtengo woyera pafupi ndi wofiira umabweretsa vuto lake. Fumbi la padauk, mtengo wofiira, limalowa m'timabowo ta maple n'kuupatsa mtundu wa pinki wosachoka. Pemererani fumbi ndi mpweya wa kompuresa mukamaliza nambala iliyonse, sinthani sandipepa kawirikawiri, ndipo musanafike pa 240 poperani koti yopepuka ya sanding sealer kuti timabowo titsekeke.

Kusankha chopaka

Palibe chopaka chimene chimaletsa chinyezi kulowa m'thabwa. Zonse zimangochedwetsa, zina kwambiri, zina pang'ono. Kuchedwetsako n'kofunika, chifukwa chinyezi cha sabata imodzi ya mvula chikalowa pang'onopang'ono majoini savutika ngati chikalowa tsiku limodzi. Phula lopakidwa mopyapyala ndi mafuta olowa m'thabwa zimachedwetsa pang'ono chabe. Zopaka zopanga khungu pamwamba, monga shellac, lacquer ndi polyurethane, zimachedwetsa kwambiri. M'kati ndi kunja mupakidwe mofanana. Kunja kukakhala makoti asanu m'kati mulibe kanthu, khoma limamwa chinyezi mbali imodzi n'kumadzikoka lokha.

Funso loyamba ndi la mtundu. Mafuta a linseed, a tung, Danish oil ndi polyurethane wa mafuta amadetsa thabwa n'kulipatsa chikasu. Pa walnut, mbawa ndi mlombwa zimenezi n'zabwino: mtundu umazama, mitsempha imaoneka. Pa maple kapena holly, oikidwa dala kuti awale pakati pa mitengo yakuda, chikasucho chimapha kusiyana komwe mtsuko wonse unapangidwira, ndipo chimawonjezeka ndi zaka. Mtsuko wodalira zoyera ndi zakuda umafuna polyurethane wa madzi kapena lacquer wa acrylic, zomwe sizisintha mtundu. Kuipa kwa chopaka cha madzi n'kwakuti pa mtengo wakuda chimaoneka chozizira, chopanda moyo. Koti imodzi ya shellac woyera wopanda phula pansi pake imakonza zimenezo. Dziwaninso kuti mitengo imasintha yokha ndi kuwala: padauk ndi purpleheart zimapita ku bulauni, cherry amada, walnut amayera pang'ono. Zopaka zoteteza ku dzuwa zimangochedwetsa. Mtsuko usakhale pawindo.

Funso lachiwiri ndi la kukula. Friction polish, wopakidwa lathe ikuthamanga kuti aume ndi kutentha, ndi wa zinthu zing'onozing'ono. Pa mtsuko waukulu amasiya mikwingwirima, ndipo liwiro lomwe amafuna n'loopsa. Guluu wa CA (super glue), yemwe amanyezimiritsa zolembera zamtengo, nayenso sapakika mofanana pa malo aakulu. Burashi imasiya madontho otsetsereka pa khoma loimirira. Zotsala ndi ziwiri: kupaka ndi kansalu, kapena kupopera.

Kwa amene alibe chopopera, polyurethane wopaka ndi kansalu ndiye wodalirika. Sakanizani polyurethane wa mafuta ndi white spirit, mankhwala osungunulira penti ya mafuta, muyezo wofanana. Pakani koti yopyapyala, dikirani iume monga mwa malangizo a pachitini, kwechani mopepuka ndi 400, pukutani fumbi, bwerezani. Makoti atatu otere amafanana ndi imodzi ya burashi, ndiye pamafunika 6 mpaka 8. Makoti a polyurethane salowererana. Iliyonse imakhala payokha, moti mukakwecha mpaka kuboola yapamwamba pamaoneka timizere tozungulira malowo, tomwe timabisika pokhapokha mutapakanso koti yathunthu. Ngati lathe itha kuzungulira pang'ono kwambiri, ka 10 mpaka 20 pa mphindi, usiyeni mtsuko ukuzungulira mpaka kotiyo itagwira. Madontho sapeza mbali yotsetserekera.

Lacquer wopopera ndi wachangu. Amauma m'mphindi 20 kapena 30, ndipo koti yatsopano imasungunula yakale n'kukhala khungu limodzi, choncho kukonza cholakwika n'kosavuta. Koma amafuna chotchinga mphuno cha mankhwala, osati cha fumbi chabe, ndi malo a mpweya opanda moto. Kukakhala chinyezi chambiri amachita mbuu, chifukwa madzi a mumpweya amatsekeredwa m'kati. Dikirani tsiku louma kapena onjezerani retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma. Akatseguka timaenje tozungulira pomwe mwapopera, ndiye kuti pathabwa panagwera silicone kapena mafuta, kawirikawiri ochokera ku polishi wa mipando kapena mankhwala opopera pa makina.

Shellac ali ndi ntchito ziwiri zomwe zopaka zina sizingagwire. Yoyamba ndi kutchinga. Pa mitengo ya mafuta monga cocobolo ndi ena a banja la rosewood, polyurethane wa mafuta amakana kuuma, amangomata m'manja masabata ndi masabata. Koti ya shellac wopanda phula imalekanitsa mafutawo ndi chopaka chapamwamba. Yachiwiri ndi m'kati mwa mtsuko wa khosi laling'ono. Mafuta ndi vanishi zimauma polumikizana ndi mpweya, ndipo m'kati motere mpweya suyenda, choncho fungo limakhala miyezi. Shellac amauma sipiriti yomusungunulira (methylated spirit, osati white spirit) ikangouluka. Sungunulani magalamu 120 a shellac wouma mu lita imodzi ya sipiriti pa koti yotchingira, 240 pa makoti omanga khungu, ndipo musasunge wosungunula kale kupitirira miyezi 6 osamuyesa. Wokalamba sauma bwino. Chenjezo limodzi: sipiriti imasungunula utoto wa padauk, ndiye kansalu kamaukokera pa maple. Makoti awiri oyamba apoperedwe mopepuka kwambiri. Shellac yekha saopa manja, koma amaonongeka ndi mowa ndi kutentha.

Mafuta ali ndi malo ake. Pa mtsuko wa mitengo yakuda, wongogwiridwa ndi kuyang'anidwa, palibe chopaka china chimene chimasiya thabwa likumveka ngati thabwa m'manja. Mafuta enieni a tung amapakidwa ochuluka, koti yoyamba itasungunulidwa theka ndi theka, n'kupukutidwa onse otsala pakatha theka la ola. Pakati pa makoti padutse masiku awiri kapena atatu, makoti akhale asanu kapena kuposa. Mafuta osapukutidwa amauma chonata, ndipo mitengo ya timabowo tikulutikulu imalavula timadontho kwa maola angapo, choncho bwererani kukapukutanso. Nsanza za mafuta a linseed, a tung ndi Danish oil zimatentha zokha zikaunjikidwa mpaka kuyaka moto. Ziyanikeni chotambasula panja, kapena zimizeni m'chitini cha madzi chotsekedwa.

Kunyezimira kwambiri kumaulula zonse. Guluu wa PVA sauma gwa ngati galasi; pakapita miyezi, matabwa akamasuntha, mzere wake umatha kutumphuka pang'ono moti chala chimaumva. Pa khungu lonyezimira ngati kalilole mzere uliwonse umagwira kuwala, ndipo mizereyo ilipo mazana. Satin, chopaka chonyezimira pang'ono, amabisa zambiri. Nzeru yabwino ndi kumanga khungu ndi gloss, chopaka chonyezimira kwambiri choonetsa thabwa bwinobwino, n'kumaliza ndi koti imodzi ya satin, kapena kuchepetsa kunyezimirako ndi steel wool (ubweya wachitsulo) wa 0000 chopaka chitauma. Steel wool asakhudze mtsuko umene udzapakidwenso chopaka cha madzi, chifukwa tizitsulo totsalira timachita dzimbiri. Pamenepo gwiritsani ntchito padi yotuwa ya pulasitiki. Ofuna kupukuta pa wilo la nsalu adikire sabata imodzi kapena awiri pa lacquer, mwezi pa polyurethane, n'kutsata mankhwala opukutira a tripoli ndi white diamond, kenako phula la carnauba. White diamond alumphidwe pa walnut ndi mitengo ina yakuda ya timabowo totseguka, popeza amasiya timadontho toyera. Pa mtsuko wogwiridwagwiridwa, phula la microcrystalline silisunga zidindo za zala ngati la njuchi.

Mbale yaikulu yoikamo zakudya ili ndi zofuna zina. Zopaka zambiri zimatengedwa kuti sizivulaza zikauma kotheratu, zomwe zimatenga pafupifupi masiku 30. Fungo likadalipo, sichinaume. Komabe khungu lolimba limakalika ndi supuni, madzi n'kulowa pansi pake. Mafuta a tung kapena a walnut, omwe atha kuwonjezeredwa nthawi ina iliyonse, amayenera bwino. Mineral oil sauma konse, amafuna kupakidwanso kawirikawiri. Mafuta ophikira amavunda n'kununkha. Mbale ya zidutswa isaviikidwe m'madzi, ingopukutidwa ndi nsalu yonyowa n'kuumitsidwa. Mtsuko wa maluwa usathiridwe madzi ngakhale m'kati mutapakidwa epoxy, chifukwa kamng'alu kamodzi n'kokwanira kunyowetsa tsinde; semani kukamwa molingana ndi botolo lagalasi loti lizilowamo.

Pocheka zidutswa, chekani zoonjezera za mtengo uliwonse n'kumata theka la mkombero lapadera. Likwecheni kufika pa nambala yomweyo ya mtsuko, ligaweni ndi tepi magawo atatu, n'kupaka gawo lililonse chopaka china, makoti onse, motsatana mmene mudzachitire pa mtsuko. Theka la gawo lililonse liphimbeni ndi katoni, chonsecho chikhale pafupi ndi windo masabata awiri. Mukachotsa katoni mudzaona mmene maple wachitira chikasu, ngati padauk wathimbirira pa mnzake, ndiponso ngati chopakacho chauma pa mtengo wa mafuta; kanikizani chala chachikulu mwamphamvu pamenepo kwa masekondi khumi, ndipo chidindo chikatsala, pakufunika koti ya shellac pansi.